Moyo Wobisika m'Makomboni a Lusaka

Inu aphunzitsi, makolo ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale, nkhani imene tikambirane pano ndi imodzi mwa nkhani zimene ambiri a ife sitifuna kuzitchula poyera. Ikangotchulidwa, wina amaseka, wina amalavula malovu, winanso amanyamuka n'kuchokapo. Nkhaniyi ndi ya amuna amene mtima wao umakonda amuna anzao, akazi amene mtima wao umakonda akazi anzao, ndiponso anthu amene adabadwa ndi thupi la mwamuna koma mumtima amadziona kuti ndi akazi, kapena adabadwa ndi thupi la mkazi koma amadziona kuti ndi amuna. Manyuzipepala ndi mawailesi amawatchula onsewa pamodzi ndi malembo akuti LGBTQ. Dziwani poyambirira pomwe kuti tikukamba za anthu akuluakulu ogwirizana okha. Za wamkulu wogwirira mwana ndi mlandu wina, woipa kwa aliyense wouchita, kaya mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Sindidakonze nkhaniyi kuti ndisinthe chikhulupiriro chanu ai. Zimene mpingo wanu kapena mzikiti wanu umaphunzitsa mukuzidziwa kale. Cholinga changa n'chakuti tione pamodzi mmene anthu otere amakhalira tsiku ndi tsiku m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, pakati pa anthu amene sagwirizana nao. Mukawerenga mpaka kumapeto muona kuti chishango chao chachikulu ndicho kukhala chete, ndi kuti kukhala chete kumeneku sikupweteka iwo okha.

M'komboni mulibe pobisala

Tiyambe taona malo ake. Kalembera wa mu 2022 adapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu opitirira 2 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'makomboni. Matero adamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950 kuti muzikhala antchito achikuda. Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi George adakula ndi anthu omanga nyumba zao popanda chilolezo, makamaka pambuyo pa ufulu wa mu 1964, pamene munthu wakumudzi adayamba kulowa m'tauni popanda womuletsa. Mtendere adayamba ndi mapuloti amene adagawidwa kuti anthu adzimangire okha. Mu 1974 boma lidakhazikitsa lamulo lovomereza malo otere, ndipo m'zaka zotsatira lidakonza miseu ndi mipope ya madzi ku George ndi ku Chawama mothandizidwa ndi World Bank.

Inu amene mudakhalapo m'malo amenewa mukudziwa mmene nyumba zake zidathinanirana. Pa puloti imodzi pamakhala mabanja angapo a lendi, onse chimbudzi chimodzi, onse mpope umodzi. Mlendo akalowa m'chipinda cha mnyamata madzulo, kusanache nkhani yafika kale kwa mai ogulitsa pa kantemba. Komanso moyo wa m'komboni ngwodalirana. Ganyu umampeza kudzera mwa msuweni, ndalama za mpamba umazipeza ku chilimba, ukadwala amene amakunyamula kupita nawe ku kiliniki ndi mnansi, ndipo ukafedwa amene amasonkha ufa ndi makala ndi anthu a mumpingo. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'komboni mau amenewa ndi oona tsiku lililonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands ali ndi mpanda ndi geti, ndipo zimene achita m'nyumba mwake sizidziwika kunja. Wa ku Kanyama alibe mpanda, komanso sangathe kukhala popanda anthu amene akumuonawo. Iye akadziwika, chimene amataya si mbiri yokha, koma chipinda chogonamo, ntchito, ndi manja omuika m'manda.

Lamulo ndi chipembedzo

Pamwamba pa maso a anansi pali lamulo. Buku la malamulo a milandu la Zambia, limene lidakhazikitsidwa ndi atsamunda a ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, dziko likutchedwa Northern Rhodesia, limaletsa kugonana kwa anthu otere m'ndime 155 ndi 158. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo idakulitsa chilango. Wopezeka wolakwa pa ndime 155 amamangidwa zaka zosachepera 15, mwinanso moyo wake wonse, ndipo ndime 158 idakonzedwa kuti ikhudze akazi omwe.

Kunena za chipembedzo, pa 29 December 1991 malemu Pulezidenti Frederick Chiluba adalengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mau amenewa adalowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Kuyambira pamenepo nkhani imeneyi yakhala ikukambidwa pa guwa ndi pa nsanja ya ndale pamodzi. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer wa mu 2014 ndi 2015 adaonetsa kuti pa anthu 100 alionse a m'Zambia, osakwana 10 ndiwo adati angalole kukhala moyandikana ndi munthu wotere.

Amene adayesa kulankhula poyera adakumana ndi zotani? Mu 1998 mnyamata wina adapita ku nyuzipepala ya The Post kukanena yekha za moyo wake. Dziko lonse lidatekeseka. Iye ndi anzake adayesa kuyambitsa bungwe lotchedwa LEGATRA, koma boma lidakana kulilembetsa, ndipo posakhalitsa lidatha. Mu April 2013 Paul Kasonkomona, womenyera ufulu wa anthu pa nkhani za umoyo, adagwidwa ndi apolisi atangotuluka m'nyumba ya Muvi TV ku Lusaka, kumene adanena kuti lamuloli lichotsedwe. Khoti lidampeza wosalakwa mu February 2014. Mu 2013 momwemo amuna awiri a ku Kapiri Mposhi adakhala m'ndende koposa chaka akudikira mlandu, ndipo mu 2014 khoti lidawamasula chifukwa chosowa umboni. Amuna ena awiri a ku Kapiri Mposhi komweko, amene wantchito wa pa nyumba yogona alendo adawaneneza, adalamulidwa mu November 2019 kukhala m'ndende zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, atadzudzula chigamulocho, boma lidakwiya ndipo iye adaitanidwa kwao. Malemu Pulezidenti Edgar Lungu adawakhululukira amunawo mu May 2020 pamodzi ndi akaidi ena ambiri.

Milandu yofika ku khoti ndi yowerengeka. Koma mnyamata wa ku Chawama amene adamva nkhani zimenezi pa wailesi adatolapo phunziro limodzi: tseka pakamwa.

Njira zimene amayendamo

Tsono munthu amakhala bwanji ndi chinthu chimene sangathe kuchichotsa mumtima, komanso sangathe kuchitchula? Pali njira zingapo, ndipo munthu mmodzi amatha kuyenda m'njira ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi.

Njira yoyamba ndiyo kudziyang'anira. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24 wogulitsa salaula pa msika wa Soweto, amene amakhala ndi amalume ake ku Matero. Akadzuka m'mawa amasamala mayendedwe ake, mau ake, ngakhale mmene amagwedezera manja polankhula. Anzake pa msika akayamba kunyoza anthu otere, iye amaseka nao, mwina ndiye amaseka kwambiri, kuopa kuti kukhala chete kungamuulule. Mtsikana nayenso amavala chitenje popita kwa azakhali ake, ngakhale mtima wake suli pamenepo. Moyo wotere uli ngati wa mlonda amene sapatsidwa tsiku lopuma.

Njira yachiwiri ndiyo kugawa mzinda. Munthu amakhala wina ku George, n'kukhala wina akatsika minibasi m'tauni. Anzake odziwa chinsinsi chake amakumana nao kutali ndi kwao, m'chipinda cha mnzao wokhala yekha kapena pa phwando la anthu oitanidwa okhaokha. Foni ya m'manja yakulitsa njira imeneyi, pakuti kudzera pa Facebook ndi WhatsApp munthu amapeza anzake popanda kutuluka m'nyumba, ndipo ena amalembapo ndi dzina losakhala lao. Kuli timagulu ndi mabungwe, monga la Friends of Rainka, amene akhala akuthandiza anthu otere pa za umoyo ndi za malamulo. Mwa anzao otere ambiri amapeza banja lachiwiri, limene limawasunga banja loyamba likawataya.

Njira yachitatu ndiyo ukwati. Pakati pathu munthu sayesedwa wamkulu mpaka atakwatira ndi kubereka. Mnyamata akafika zaka 30, azakhali amayamba kufunsa kuti, "Kodi mlamu wathu tidzamuona liti?" Mtsikana amafunsidwa msanga koposa pamenepo. Choncho ambiri amagonja. Ankhoswe amakumana, malowolo amaperekedwa, alangizi amagwira ntchito yao, nthungululu zimamveka, ndipo mafunso amatha. Ena amabereka mwana mmodzi kuti abale atonthole.

Njira yachinayi ndiyo kukhalabe mumpingo. Anthu ambiri amaganiza kuti munthu wotere adataya Mulungu, koma si mmene zilili. Katswiri wa maphunziro a zachipembedzo, Adriaan van Klinken, adacheza ndi amuna otere ku Lusaka ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 2015. Iye adaona kuti ambiri mwa iwo sadaleke chikhristu. Ponena za moyo wao ankakamba za chikondi osati za chigololo, ndipo ankati iwonso adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Motero munthu amatha kuimba kwaya Lamulungu m'mawa, n'kumva mlaliki akumutemberera osadziwa kuti amene akumunenayo wakhala pa benchi lachiwiri. Ena amasala kudya, amapita ku mapiri kukapemphera, amapita kwa aneneri kapena kwa asing'anga kuti awachotse chimene akuganiza kuti ndi chiwanda. Akaona kuti mtima sukusintha, ena amataya chiyembekezo, ena amapangana ndi Mulungu wao mwakachetechete.

Njira yachisanu ndiyo imene tingaitche chinsinsi chodziwika. M'mabanja ena mai amadziwa, mlongo amadziwa, koma palibe wotchula. Mnzake wa mwanayo akabwera amamulandira ndi kumpatsa nsima monga "mnzake wa kuntchito" kapena "msuweni". Pangano lake losanenedwa ndi lakuti: ife sitikufunsa, iwenso usatichititse manyazi pa anthu. Kawirikawiri pangano limeneli limalimba ngati mwanayo ndiye amalipira lendi ndi fizi ya ang'ono ake. Ntchito ikatha, nalonso limagwedezeka.

Kumbukirani kuti si onse angathe kubisala. Amene thupi lake ndi mtima wake sizigwirizana, kapena mnyamata amene chibadwire mayendedwe ake ndi achikazi, amaonekera ngakhale atakhala chete. Iwowa ndiwo amalandira miyala ndi matemberero poyamba, pa siteji ya basi, pa msika ndi pa bwalo la sukulu.

Amene amalipira

Mwina wina anganene kuti, "Ngati akubisa, vuto lili pati? Abisebe." Tiyeni tione amene amapwetekedwa ndi kubisaku.

Woyamba ndi mkazi kapena mwamuna wa mu ukwati uja. Mtsikana wa ku Mtendere amene adakwatiwa ndi mtima wonse amakhala zaka akudzifunsa chimene adalakwa, poona kuti mwamuna wake amamulemekeza koma samufuna. Amapita kwa alangizi, amafuna mankhwala, amadziimba mlandu. Iye sadalakwe kanthu, adangoikidwa kukhala chophimba, ndipo amene adamuika pamenepo si mwamuna yekha, komanso abale amene adaumiriza ukwatiwo.

Wachiwiri ndi umoyo wa anthu onse. Munthu woopa kumangidwa kapena kusekedwa sauza namwino zoona, ndipo mwina sapita n'komwe ku kiliniki ya m'komboni, kumene wolemba makadi ndi mnansi wake. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Matenda opatsirana, pamodzi ndi kachilombo ka HIV, sayang'ana kuti uyu ndi wotani, ndipo kuchokera kwa mwamuna wobisala amafika kwa mkazi wake ndi kwa mwana wobadwa. N'chifukwa chake ndondomeko ya boma yolimbana ndi Edzi ya zaka za 2017 mpaka 2021 idatchula amuna ogonana ndi amuna anzao pakati pa magulu ofunika kuwafikira, ngakhale lamulo la milandu likuwaletsa.

Wachitatu ndi chilungamo. Pamene pali chinsinsi choopsa, mbala imapezapo munda. Pali anthu amene amanyengerera mnzao pa foni, akakumana n'kumulanda foni ndi ndalama, kenaka n'kumamuopseza kuti akapanda kuwapatsa zina akamuulula kwa abale kapena kwa apolisi. Woberedwayo sangakadandaule, pakuti akuopa kuti wodandaula ndiye asanduke wolakwa. Mwini nyumba angathe kumtulutsa usiku, bwana angathe kumchotsa ntchito osamlipira, iye n'kungoti chete.

Wachinayi ndi mwana wa sukulu. Inu aphunzitsi mukumudziwa mnyamata uja amene anzake amamutcha maina achikazi, amene amakhala yekha nthawi yopuma, amene adayamba kujomba kenaka n'kusiyiratu sukulu. Ena mwa ana otere amathamangitsidwa kwao n'kukagona m'misika, ena amalowerera m'kachasu, ndipo ena amafika podzipha.

Kodi zidabwera ndi Azungu?

Funso limeneli limafunsidwa kawirikawiri, ndipo liyenera kuyankhidwa ndi mbiri. Mu 1920 Edwin Smith ndi Andrew Dale adasindikiza buku lofotokoza moyo wa anthu a mtundu wa Ila a kumwera kwa Zambia. M'bukumo adalemba za mwamuna amene ankavala ngati mkazi, kugwira ntchito za akazi ndi kukhala pakati pa akazi, ndipo anthu a kwao ankamutcha mwaami, ndiye kuti mlosi. Nawonso agogo athu amene adapita kukagwira ntchito ku migodi ya Johannesburg adakapeza amuna akukhala ndi amuna anzao ngati banja m'makomponi a kumeneko, ndipo nkhani zake adabwera nazo kumudzi. Tsono chinthu chimene makolo adachipatsa dzina sitingati sadachione.

Chimene tikudziwa bwino kuti chidabwera pa sitima ndi lamulo lija. Eni ake a ku England adalichotsa kwao mu 1967, patangopita zaka 3 Zambia italandira ufulu. Maiko otizungulira adatenga njira zosiyana. South Africa idaletsa tsankho lotere m'malamulo ake a mu 1996. Mozambique idachotsa chilango mu 2015, Angola mu 2021, khoti la ku Botswana mu 2019 ndipo la ku Namibia mu 2024. Koma khoti la ku Malawi lidagamula mu June 2024 kuti lamulo la kumeneko likhalebe, ndipo Uganda idakhazikitsa lamulo louma koposa mu 2023. Apa mukuona kuti Afrika salankhula ndi pakamwa pamodzi.

Kunena za chipatala, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidachotsa kukonda munthu wofanana naye ziwalo pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990. Palibe mankhwala, jekeseni kapena chikwapu chimene chidaonetsedwa kuti chimasintha mtima wa munthu pa nkhani imeneyi. Mipingo nayo ikulimbana nalo funsoli. Mu January 2023 malemu Papa Francis adanena kuti kukhala munthu wotere si mlandu woti boma lizimangira munthu, koma mu December chaka chomwecho maepiskopi a Katolika a m'Zambia adakana kuti m'dziko muno muzidalitsidwa anthu awiri otere.

Mau otsiriza

Malemu Dr Kenneth Kaunda adatiphunzitsa kanthu pa za kukhala chete. Mu 1987, pamene Edzi inali matenda osatchulika, iye adauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo adamwalira nayo, ndipo mabanja ambiri adapeza mphamvu yolankhula. Mu 1998, dziko litatentha ndi nkhani ya mnyamata wa mu The Post uja, iye adalangiza anthu kuti aziziritse mitima ndi kuiganizira nkhaniyo mofatsa.

Za kusintha kapena kusasintha lamulo, eni ake ndi Nyumba ya Malamulo, makhoti ndi inu ovota. Za tchimo, aliyense ali ndi mpingo wake ndi chikumbumtima chake. Koma pali zinthu zina zimene zili m'manja mwanu lero lomwe, ndipo sizifuna kuti musinthe chikhulupiriro. Lamulo limaletsa mchitidwe, koma silipatsa munthu aliyense chilolezo chomenya mnzake, kumulanda katundu kapena kumuotchera nyumba, ndipo wochita zotere ndi wolakwa pamaso pa lamulo lomwelo. Inu anamwino, chinsinsi cha wodwala chisatuluke m'chipinda chopimira. Inu aphunzitsi, mwana aliyense wolembedwa m'kaundula wanu ngwanu, ndipo wonyozedwa ndiye afunika diso lanu koposa. Inu azakhali ndi amalume, musanaumirize ukwati, ganizirani mwana wa eni ake amene mukufuna kumulowetsa m'nyumba yopanda chikondi. Inu makolo, ngati tsiku lina mwana wanu adzagwada n'kukuuzani chimene wakhala akusenza yekha, mtima udzawawa ndithu, koma kumbukirani kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mwana amene mwamtaya usiku ku Kanyama sasanduka munthu wina, amangosanduka mwana wopanda pogona.

Akulu ndi m'dambo mozimira moto. Nkhani yotere ikabuka pa puloti panu, anthu atatola kale miyala, pamafunika munthu mmodzi wamkulu woti anene kuti, "Taimani, uyu ndi mwana wa uje." Munthu ameneyo angathe kukhala inu.

Mafunso oti mukambirane m'kalasi kapena m'gulu lanu

1. Chifukwa chiyani kubisa moyo wako kuli kovuta ku George kapena ku Kalingalinga koposa ku Kabulonga?
2. Tchulani anthu amene amapwetekedwa pamene munthu akwatira pongofuna kutseka pakamwa pa abale.
3. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kusagwirizana ndi khalidwe la munthu ndi kumuchitira nkhanza munthuyo?